Banja Likatha, Munda Ukhala wa Yani?

Nkhani ya lero ndi yolemera pakamwa, chifukwa palibe amene amalowa m'banja akuganiza za tsiku losudzulana. Komabe mabanja amatha, ndipo akatha mkangano waukulu sukhala wa mbale kapena mphasa ayi. Umakhala wa munda, dimba, nyumba ndi mbewu zimene zili m'nkhokwe.

Tiyambe ndi nthaka. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique, pa ndime 109, amanena kuti nthaka ndi ya boma ndipo siigulitsidwa kapena kuikidwa chikole. Chimene inu muli nacho ndi ufulu wolima ndi kupindula ndi malowo, umene pa Chipwitikizi amaufupikitsa kuti DUAT. Lamulo la Malo la chaka cha 1997 lidati ufulu umenewu ndi wa amuna ndi akazi omwe, ndipo lidatchula njira zitatu zoupezera: kulandira malo motsata mwambo, kulima malo ndi mtima woona kwa zaka zosachepera 10, ndi kupempha ku boma. Lidanenanso kuti mwambo umatsatidwa pokhapokha ngati sukutsutsana ndi malamulo aakulu aja, amene pa ndime 36 amati mwamuna ndi mkazi ndi ofanana.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ambiri a inu mulibe chikalata cha munda. Lamulo lija lidaona zimenezi, ndipo pa ndime 15 lidalola kuti umboni wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ukhale wokwanira kutsimikiza kuti munda ndi wanu. Ndiye kuti chikalata chanu chili m'kamwa mwa anthu: nyakwawa imene idaloza malire, ankhoswe amene adalipo, mnansi amene mudagawana naye mzere wa nthochi, ngakhale apongozi anu amene. Munthu amene pa tsiku lopatukana watukwana mudzi wonse, nkuchoka usiku osatsanzika, wadzing'ambira yekha chikalata chake. Nchifukwa chake ife othandiza anthu pa zamalamulo timalimbikira kuti musunge ulemu ndi abale a mnzanuyo ngakhale mtima ukuwawa. Sitikuti mukhale opusa. Tikuti musunge mboni zanu.

Minda siifanana, ndipo pogawana muyenera kufunsa kuti munda uliwonse udabwera bwanji. Kuno ku Macanga ambiri timatsata chikamwini. Munda umene mkazi adapatsidwa ndi amayi ake kapena atsibweni ake ndi wa mbumba yake, ndipo banja likatha umatsala kwa iye ndi ana. Kulikonse kumene mkazi adapita ku chitengwa, zinthu zimatembenuka: munda wa makolo a mwamuna umatsala kwa mwamuna. Ena amafunsa kuti, "Nanga ine ndalima pamenepo zaka 15, lamulo la zaka 10 lija silindithandiza?" Kunena zoona, mlandu wotero ndi wovuta kupambana, chifukwa aliyense ankadziwa kuti malowo ali ndi eni ake. Koma pali munda wa mtundu wachitatu, umene anthu amauiwala dala: mphanje imene awiriwo adakapempha kwa amfumu ali kale m'banja, nagwetsa mitengo ndi kuzula zitsa limodzi. Munda umenewo ndi wa onse awiri. Sukhala wa mwamuna chifukwa choti ndiye adalankhula kwa amfumu, ndiponso sukhala wa mkazi chifukwa choti uli m'dera la kwawo.

Nthaka ikatsala kwa mwini wake, thukuta silitsala nayo limodzi. Lamulo la Banja la chaka cha 2004, limene lidakonzedwanso m'chaka cha 2019, limazindikira ukwati wa ku boma, wa ku tchalitchi ndi wa mwambo, malinga ngati udalembetsedwa ku Registo Civil. Ngati okwatiranawo sadapangane mwina asanakwatirane, katundu amene aliyense adabwera naye kapena adalandira monga cholowa amakhala wake, koma zonse zimene adapeza ndi ntchito yawo ali m'banja ndi za onse awiri. Nanga amene sadalembetse, amene ndiwo ambiri pano? Lamulo limati mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi amene akhalira limodzi poyera monga banja amagawana katundu m'njira yomweyo. Lamulo la 2004 linkafuna kuti apitirire chaka chimodzi, koma kuyambira ndi la 2019 ndi zaka zitatu. Amayi amene muli pa mitala dziwani kuti ndime imeneyi siifikira mkazi wachiwiri, ngakhale kuti ana ake ali ndi ufulu wofanana ndi ana ena onse.

Choncho mkamwini sayenera kutuluka ndi bulangete lokha atakhoma malata pa nyumba, atabzala mitengo ndi kugula ng'ombe. Mkazi wa ku chitengwa naye sayenera kubwerera kwawo ndi mtolo wa zovala basi. Nyumba siingadulidwe pakati, koma mtengo wake ukhoza kuwerengedwa, ndipo wotsala m'nyumbamo amubwezere mnzake gawo lake, kaya ndi ndalama, mbuzi kapena matumba a chimanga.

Ndikhalitse pang'ono pa fodya, poti ndiye amadanitsa anthu kwambiri kuno. Mgwirizano ndi kampani yogula fodya umalembedwa m'dzina la munthu mmodzi, kawirikawiri mwamuna. Feteleza wa ngongole amatuluka m'dzina lomwelo, ndipo ndalama zimafikira m'manja omwewo. Koma kuthirira nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa adachita ndi awiri, mwinanso ndi ana. Banja likatha mu Febuluwale fodya ali m'munda, mkazi amauzidwa kuti adikire malonda, ndipo malonda akafika mwamuna saonekanso. Musadikire. Pa tsiku lomwelo lokambirana, ankhoswe awerenge mizere kapena mabelo, ngongole itchulidwe kuti ndi mametikali angati, ndipo mugwirizane kuti ikachotsedwa chotsalacho chidzagawidwa motani, tsiku liti, pamaso pa yani. Ngongole nayo ndi ya onse ngati idatengedwa kuti ithandize pakhomo. Alimi a mbatata ya kachewere ndi tirigu a ku Tsangano achite chimodzimodzi ndi mbewu imene ili m'nthaka.

Zimene mwagwirizana zilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope la mwana wa sukulu. Mulembe tsiku, malire a munda, ziweto ndi maina a mboni. Onse asaine kapena kudinda chala, ndipo aliyense atenge pepala lake. Ankhoswe akalephera, pitani ku bwalo la milandu la m'mudzi, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992 kuti liziyanjanitsa anthu. Mukapanda kukhutira muli ndi ufulu wopita ku khoti la boma, ndipo wosauka akhoza kupempha thandizo laulere ku bungwe la boma la IPAJ. Kumbukirani kuti ukwati wolembetsedwa suthetsedwa ndi ankhoswe kapena amfumu. Umathera ku Registo Civil ngati nonse mwagwirizana, kapena ku khoti ngati pali kukanizana.

Za ana ndinena mwachidule. Kaya mwambo ukuti ana ndi a kuchikazi kapena a kuchimuna, lamulo limati bambo ndi mayi onse ali ndi udindo wowadyetsa, kuwaveka ndi kuwaphunzitsa. Musamutume mwana kukapempha ndalama ya sopo kwa bambo ake, ndipo musamufunse zimene amayi ake akuchita. Zikalata za kubadwa kwa ana zikhale ndi amene akugona nawo.

Zonse ndanena za kudekha ndi kutsanzika sizikukhudza munthu amene akumenyedwa. Ameneyo achoke msanga, za munda tidzakamba ali moyo. Lamulo la chaka cha 2009 lidaika nkhanza za m'banja kukhala mlandu wa boma, umene ankhoswe sangauthetse ndi nkhuku, ndipo ku polisi kuli ofesi yolandira madandaulo a mabanja ndi ana.

Inu ankhoswe, ntchito yanu siithera pa tsiku logawana katundu. Miyezi yotsatira ndiyo yoopsa. Tulo timasowa, ena amagwera m'kachasu, ena amagulitsa ng'ombe pa mtengo wolira pofuna kungomupweteka mnzawo. Muziwayendera onse awiri. Mukamva wina akunena kuti moyo wamukwana, musaseke ndipo musamusiye yekha. Chotsani m'nyumbamo mankhwala ophera tizilombo ta fodya, akasungidwe kwa mnansi, ndipo mumuperekeze ku chipatala tsiku lomwelo.