Mau a Mlembi: Ana Athu, Sukulu ndi Intaneti

Komiti inatituma kuti tilankhulepo pa nkhani imene yafika m'makomo ambiri, ndiyo ya mafoni ndi intaneti pa maphunziro a ana athu. Ambiri a ife tinalekezera ku pulaimale, ndipo tinayamba kulemba ndi chala pa dothi. Koma ana ndi athu, choncho sitinganene kuti nkhaniyi nja aphunzitsi okha.

Tiyambe ndi zabwino. M'chaka cha 2013, pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, anayesa kuphunzitsa ana aang'ono masamu ndi timakina totchedwa tabuleti, mothandizidwa ndi mabungwe a onebillion ndi VSO. Ntchitoyo inakula, ndipo mu 2023 Unduna wa za Maphunziro unayambitsa ndondomeko ya BEFIT m'sukulu 500, ndi cholinga chakuti idzafike m'sukulu zonse za pulaimale za Boma. Mwana wa Sitandade 1 mpaka 4 amavala zomvera m'makutu, kamakina nkumamlankhula m'Chicheŵa, iye nkumaloza zilembo ndi manambala. Akalakwa kamambwereza mosatopa, chimene mphunzitsi mmodzi wa ana oposa zana sangathe kuchitira mwana ali yense. Moto wake umachokera ku dzuŵa.

Tsono taonani chimene chikukometsa ntchito imeneyi. Maphunziro anaikidwiratu m'katimo, safuna intaneti. Mwana amagwira tabuleti pa nthaŵi yoikika, aphunzitsi ali pomwepo, ndipo nthaŵi ikakwana amazitolera nkuzitsekera. Apa ndi pamene pagona mau athu onse lero: chida chimenechi chimapindulitsa mwana pamene wamkulu ali pafupi. Chiri ngati mpeni wa kukhichini. M'manja mwa mai umasenda mbatata, koma sitimsiyira mwana wokwaŵa.

Chaka cha 2020 chinatiphunzitsa zambiri. Mu Malichi sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo ana anakhala pakhomo miyezi yoposa isanu. Maphunziro ena ankaulutsidwa pa wailesi, aphunzitsi ena ankatumiza ntchito pa WhatsApp. Ana a m'mabanja okhala ndi foni yaikulu ndi ndalama ya bandulo anapitiriza kuŵerenga, pamene anzao a kumudzi anangokhala. Atsikana ambiri anatenga pakati, ena analoŵa m'banja osabwereranso ku sukulu. Pamenepo tinaona kuti foni siingaloŵe m'malo mwa mphunzitsi ndi kalasi.

Chaka chomwecho mu Novembala mayeso a Fomu 4 a MSCE anaimitsidwa ali m'kati, chifukwa mafunso anabedwa nayamba kuyenda m'mafoni. Ana analembanso mu Januwale 2021. Amene anaŵerenga usiku ndi koloboyi anavutika pamodzi ndi amene anaba. Njira imene inanyamula ntchito ya aphunzitsi ndi yomweyo inanyamula mayeso akuba.

Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mwana amabwereka foni kuti afufuze za homuweki, koma akangotembenuka ali pa Facebook kapena TikTok mpaka tambala woyamba, m'maŵa nkumasinza m'kalasi. Kumeneko amakumana ndi anthu osaŵadziŵa, ena ndi abambo akuluakulu odzibisa ngati anyamata, olonjeza mayunitsi kuti mtsikana atumize chithunzi chosayenera. Chithunzi chikapita sichibwerera. Ana enanso amanyozana m'magulu a kalasi mpaka mnzao kuopa kupita ku sukulu.

Tidziŵe kuti eni ake a Facebook ndi TikTok amanena okha kuti mwana wosafika zaka 13 asakhale ndi akaunti. Dziko la Australia linapitirira apo: kuyambira Disembala 2025 lamulo likuletsa masamba a mchezo ngati Facebook ndi TikTok kusunga ana osafika zaka 16. Kuno kwathu liripo lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limalanga munthu wozunza mnzake kapena wofalitsa zithunzi zolaula za ana pa intaneti. Ndipo mwana akachitidwa nkhanza, nambala ya 116 njaulere.

Nanga ife amai tichitepo chiyani? Tiri ndi mapempho anai.

Loyamba, tisajombe ku misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Tikafunse kuti lamulo la sukulu pa mafoni likuti chiyani, ndipo tiligwirizize kunyumba. Pamene sukulu yaletsa foni, ife tisamlongezere mwana m'thumba la ufa.

Lachiŵiri, ngati kalasi liri ndi gulu la WhatsApp, nambala ikhale ya kholo, ndipo uthenga wa aphunzitsi uzipita pa gulu, osati kwa mwana payekha usiku. Izi zimateteza mwana ndi mphunzitsi yemwe.

Lachitatu, mwana akabwereka foni aŵerengere poonekera, ndipo pogona ibwerere kwa amake. Tisachite manyazi kuti sitidziŵa Chingerezi. Timuuze kuti, "Tandionetsa chimene waphunzira." Safunsa anadya phula. Ndipo mwana akabwera akulira kuti wina akumuopseza pa foni, tisathamangire ndodo. Tiyambe tamumva, chifukwa tikamkalipira sadzatiuzanso.

Lachinai, kumene matabuleti afika tiŵasamale ngati katundu wa mudzi. Ife amene tiri m'magulu a amai othandiza pa sukulu tionetsetse kuti atsikana akupeza mpata wofanana ndi anyamata, ndi kuti mbale za sola sizikubedwa. Tikumbukirenso mwana wamasiye amene kwao kulibe foni, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Amai anzathu, m'mera mpoyamba. Makina ameneŵa sabwerera kumene anachokera, ndipo ana athu adzaŵafuna pa ntchito zao. Chathu nkukhala nao pafupi pamene akuphunzira kuŵagwira. Ambuye adalitse makomo anu.