Tayala Likalowa M'dambo: Mkangano wa ku Big Cypress

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE)

Lero tikambirana za galimoto zoyenda m'tchire mopanda msewu, zimene zimachita zikadutsa m'dambo, komanso chifukwa chimene anthu ena amakanira kwamtuwagalu kuti njira za galimotozi ziyandikire madambo a m'nkhalango. Kuti timvetse bwino, tipita kummwera kwa dera la Florida ku America, kumalo otetezedwa otchedwa Big Cypress National Preserve, kumene mkangano wotere watha zaka zoposa 30.

Big Cypress ndi nkhalango yoima m'madzi, yokula mahekitala oposa 290,000, yoyandikana ndi paki yotchuka ya Everglades. Dzinali likuchokera ku mitengo ya cypress imene imamera m'zithaphwi. Malowa ndi athyathyathya moti pa kilomita yathunthu nthaka imatsika masentimita ochepa chabe. Mvula ikayamba mu May mpaka October, madzi sathamangira mumtsinje ayi. Amayala ponseponse, ofika m'kakolo kapena m'mawondo, n'kumayenda pang'onopang'ono kulowera kunyanja. Nsomba, mbalame, ng'ona za mtundu wa alligator ndi mitengo yomwe, zonse zimadalira kayendedwe kameneka.

Mu 1968 akuluakulu a boma a m'dera la Miami anayamba kumanga bwalo lalikulu la ndege pakati pa dambolo. Alenje, okonda zachilengedwe ndi eni nthaka a mitundu ya Miccosukee ndi Seminole anagwirizana chimodzi, anakana, ndipo ntchitoyo inaima mu 1970. Mu 1974 boma linakhazikitsa malowa kukhala otetezedwa, koma lamulo linalola kuti kusaka, kuwedza ndi kuyenda pagalimoto zipitirire motsata malangizo. Alenje akumeneko ali ndi galimoto yawoyawo yotchedwa swamp buggy, yaitali ngati nsanja, ya matayala a thirakitala, imene ambiri amadzipangira okha. Kwa iwo galimotoyi ndi mwambo wa makolo. Choncho anthu amene anagwirana manja populumutsa dambolo ndi omwewo amene pambuyo pake anadzayang'anizana kukhoti.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tsono tayala limalakwa chiyani m'dambo? Tiyeni tiyende pambuyo pa galimoto imodzi, tione.

Dothi la ku Big Cypress ndi lochepa, lofewa, lokhala pamwamba pa mwala wa laimu. Likanyowa silitha kusenza katundu. Tayala likaponda limadula mizu ya udzu, limafinya matope kuwakankhira m'mbali, n'kusiya tingalande tiwiri toyenda limodzi. Galimoto yachiwiri imalowa m'tingalande tomwemo n'kutikuza. Ikamafika yakhumi, pamalopo pasanduka chithaphwi chotitimiza, ndiye woyendetsa amalambalala n'kuponda udzu watsopano pambali. Wina alambalalanso pamene mnzake analambalala. Njira imene inali yokwana galimoto imodzi imatambasuka mpaka pamalo ponse pangokhala matope okhaokha.

Kuonongeka kwenikweni kuli pamadzi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pamalo athyathyathya chonchi, kangalande kozama chikhatho chimodzi n'kokwanira kukopa madzi. M'malo moyala ponseponse, amasonkhana m'mene munadutsa matayala n'kuthamanga. Mbali ina imauma msanga chilimwe chisanafike, ndipo moto wolusa umapeza polowera. Mbali ina matope okankhidwa aja amatchinga madzi, pamalopo n'kukhala pomira nthawi yaitali kuposa mmene zomera za pamenepo zinazolowerera. Pamwamba pa dothi pamakhalanso ndere zimene tinsomba ndi tizilombo ta m'madzi timadya. Tayala likazipera, chakudya cha mbalame zodya nsomba chimachepa.

Palinso zina ziwiri. Matope omata kumatayala amanyamula njere za zomera zachilendo zolanda malo, n'kukazitaya m'kati mwa nkhalango. Ndipo phokoso ndi piringupiringu wa anthu zimasokoneza nyama. Ku Big Cypress n'kwawo kwa Florida panther, chilombo chonga kambuku koma chopanda mawanga, chimene akuti chatsala pakati pa 120 ndi 230 m'tchire monse.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ofufuza atayeza pa zithunzi zojambulidwa m'ndege anapeza kuti njira za matayala mu Big Cypress, kuzilumikiza zonse, zinali zoposa makilomita 30,000.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za galimoto zoyenda m'madambo a ku Big Cypress ku America.

Mu 1995 bungwe la Florida Biodiversity Project linakamang'ala kukhoti kuti nthambi ya boma yoyang'anira mapaki, ya National Park Service, ikulekerera. Anali ndi poyambira, chifukwa mu 1972 Pulezidenti Richard Nixon analamula kuti njira za galimoto zotere pa malo a boma ziziikidwa pamene sizingaononge kwambiri nthaka, madzi, zomera ndi nyama. Mbali ziwirizo zinagwirizana, ndipo mu 2000 panatuluka dongosolo latsopano.

Dongosololi silinathamangitse galimoto. Linathetsa zongoyenda paliponse pamene munthu wafuna. Linati njira zikuluzikulu zovomerezeka zisapyole makilomita 640, mtunda wonga kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre n'kubwerera. Linati ziphaso zisapitirire 2,000 pachaka, galimoto iliyonse iziyamba yayezedwa, ndipo woyendetsa aziyamba waphunzira malamulo a m'nkhalangomo. Kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa galimoto zisayende. Linaikanso masiku 60 pachaka oti dambo lipume. M'malo ofewa a njira zovomerezekazo anathiramo miyala kuti pasakhale chifukwa cholambalalira.

Alenje anadandaula kuti awamana malo amene anathandiza kupulumutsa, anapita kukhoti, koma dongosololo linaima. Mu 2007 oyang'anira anatsegulanso njira zina m'chigawo cha Bear Island, kumene panther amapezeka kawirikawiri. Mabungwe monga Defenders of Wildlife ndi Sierra Club anasuma, ndipo mu 2012 khoti linagamula kuti njirazo anazitsegula popanda kufufuza mokwanira. Koma si nthawi zonse pamene otsutsa anapambana. Pa malo amene anawonjezeredwa ku Big Cypress mu 1988, boma linalola njira za makilomita pafupifupi 210, ndipo makhoti anagwirizana nalo mu 2014 ndi mu 2016. Pa milandu iwiriyi oweruza sankayesa ngati galimoto ndi yabwino kapena yoipa. Ankafunsa ngati amene analemba njira pamapu anayamba aona za madzi, dothi ndi nyama, n'kufotokoza zifukwa zawo.

Omvera, swamp buggy kuno kulibe, koma dothi lonyowa limachita chimodzimodzi kulikonse. Amene mumakhala pafupi ndi dambo mwaonapo njira ya ngolo, ya ng'ombe kapena ya malole otuta mchenga ikusanduka chigwembe, ndipo chigwembecho chikamakula, zitsime za m'madimba oyandikana nacho zimaphwa msanga. Ndiye wina akabwera ndi ganizo lotsegula njira ya galimoto pafupi ndi dambo, kaya ndi ya alendo okaona malo, kaya ndi ya malonda, mafunso ofunsa pamsonkhano ndi awa.

Loyamba: madzi amayenda bwanji pamalopo m'nyengo ya dzinja? Njira isasankhidwe m'chilimwe pouma. Akaione mvula ili m'kati.

Lachiwiri: kodi palibe mtunda woti njirayo idutse? Kuzungulira kilomita imodzi pouma n'kotchipa kusiyana ndi kudzatseka chigwembe.

Lachitatu: ngati kuwoloka dambo n'kosapeweka, awolokere pamalo amodzi, popapatiza, pothiridwa miyala, ndipo pansi pakhale podutsa madzi.

Lachinayi: njirayo izitsekedwa miyezi iti, ndipo galimoto zololedwa ndi zingati, zolemera bwanji?

Lachisanu, limene anthu amaiwala: adzalondera ndani, adzakonza ndani, ndipo ndalama zake zidzachokera kuti? Njira yovomerezeka yopanda woyang'anira imabala tinjira tina tosavomerezeka. Ku Big Cypress komweko zinatenga mpaka 2011 kuti lamulo loyenda m'njira zovomerezeka zokha ligwire ntchito m'zigawo zonse, zaka 11 chilembereni dongosolo lija.

Mafunsowa afunsidwe galimoto yoyamba isanadutse, mafumu, alimi a m'madimba ndi oyendetsa galimotowo ali pomwepo, ndipo mayankho ake alembedwe. Njira ikazolowereka, aliyense amaitenga ngati ufulu wake, ndipo kuitseka kumafuna milandu ya zaka zambiri monga tamvera.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Ngati kwanuko kuli dambo limene likuonongeka ndi njira za galimoto kapena ngolo, tilembereni mutiuze mmene mudzi wanu ukuchitira nazo.

(NYIMBO YOTSEKERA)