Msilikari Amene Anajambula ndi Mkono Wolasidwa

Mau amene Mlembi wa Nthambi ananena pa msonkhano wa mwezi uno

Lero ndifuna tikumbukire munthu wakuda wa ku America, dzina lace Horace Pippin. Iyeyu anamenya nao nkhondo ya 1914 mpaka 1918, nkhondo yomweyo imene inatenga makolo athu kunka nao ku Karonga ndi kupitirira malire a kumpoto, ena asilikari, ena amtengatenga.

Pippin anabadwa pa 22 February 1888 ku West Chester, m'cigawo ca Pennsylvania, nakulira ku Goshen, New York. Anali wa m'banja losauka, ndipo anasiya sukulu akali mnyamata kuti agwire nchito zamanja. M'caka ca 1917 analembetsa usilikari, nalowa m'gulu la asilikari akuda lochedwa 369th Infantry. Masiku amenewo asilikari akuda ndi Azungu a ku America sanali kukhala m'gulu limodzi, tsono gulu limeneli analipereka m'manja mwa akuluakulu a nkhondo a dziko la France. Linakhala kutsogolo kwa nkhondo masiku 191, ndipo boma la France linalipatsa mendulo ya Croix de Guerre.

M'caka ca 1918, nkhondo iri pafupi kutha, cipolopolo ca mdani cinamlasa pa phewa la kumanja. Anabwerera kwao m'caka ca 1919 mkono uli lende, wosatha kuutukula. Ndalama zimene boma linali kumpatsa zinali zocepa, kotero kuti mkazi wace, Mai Jennie, anali kucapa zobvala za anthu, iye namakapereka m'makomo.

Ambiri pamenepo akadangokhala pakhonde kudikira imfa. Iye anatenga citsulo cosonkhezera moto, naciika pamakala kufikira cifiire, nayamba kuocha naco zithunzi pa matabwa. Pambuyo pace anayamba kujambula ndi utoto. Dzanja lamanja linali kugwira burashi, lamanzere nkumagwira linzacelo ndi kulikankha. Cithunzi cace coyamba ca utoto, cochedwa The End of the War: Starting Home, cinamtengera zaka zitatu, kuyambira 1930 mpaka 1933. M'menemo muli asilikari akuda, ndi asilikari a Germany alikukweza manja kugonja, ndipo m'mphepete mwace anasemamo zipewa zacitsulo, mfuti ndi mabomba. Lero ciri m'nyumba yosungiramo zithunzi ya ku Philadelphia.

M'caka ca 1937 zithunzi zace zinaonetsedwa kwao ku West Chester, ndipo caka cotsatira zinai zinapacikidwa mu Museum of Modern Art ku New York. Koma kuchuka sikunamtseke pakamwa. M'caka ca 1943, nkhondo yaciwiri iri mkati, anajambula cithunzi cochedwa Mr. Prejudice, ndiye kunena kuti Bambo Tsankho. Pamenepo pali cilembo cacikuru ca V, cizindikiro ca kupambana, akuda mbali yina, Azungu mbali yina, ndipo pamwamba munthu alikukhomera mphano kuti aling'ambe pakati. Wojambulayo anadziwa cimene anali kunena, pakuti anakhetsera mwazi dziko limene linali kumsala. Anamwalira pa 6 July 1946, ali ndi zaka 58, atasiya zithunzi pafupifupi 140.

Tsono abale anga, taonani kusiyana kwace. Za msilikari wakuda wa ku America tizidziwa cifukwa mwini wace anazilemba m'makope ndi kuzijambula, angakhale ndi mkono wakufa. Nanga za makolo athu? Pa cipilala ca K.A.R. ku Zomba pali maina a asilikari amene anafa, koma mwala sunena za njala, kamwazi ndi matuza a m'mapazi. Amtengatenga zikwizikwi amene anasenza katundu wa nkhondo, ambiri a iwo ngakhale dzina sanalembedwe. Onse a nkhondo yoyambayo anatha kale, ndipo a nkhondo ya 1939 mpaka 1945 atsala owerengeka.

Akuru anati mau a akuruakuru akoma akagonera, koma mau agonera pokhapo pamene wina wawasunga. Cifukwa cace ndipempha banja liri lonse limene kholo lao linapita ku nkhondo kuti lifunefune m'masutikesi ndi m'mabokosi: mendulo, kalata, cithunzi kapena nambala ya usilikari. Amene munamva nkhani pakamwa pa agogo anu, kapena nyimbo imene anabwera nayo, dzatiuzeni pa msonkhano wa mwezi wa mawa. Ine ndidzabwera ndi kope, ndipo ana a sukulu odziwa kujambula adzajambula zimene mudzanena, kuti adzukulu athu adzapeze mbiri yonenedwa ndi eni ace.