Ulendo wa Mankhwala M'thupi Mwathu

Awa ndi mawu amene katswiri wa zamankhwala wa pachipatala cha boma adayankhula pamsonkhano wa chitukuko wa m'wodi, pomwe padalinso achinyamata amene asankhidwa kukachita maphunziro a zaumoyo.

 

Pamisonkhano ngati uno tidazolowera kukambirana za misewu, milatho, mijigo ndi midadada ya sukulu. Lero ndapemphedwa kukamba za kanthu kochepa kuposa zonsezi, ndiko mbulu wa mankhwala. Boma limawononga ndalama zambiri kugula mankhwala, amasungidwa ku Central Medical Stores Trust, kenako amanyamulidwa pagalimoto mpaka pachipatala chathu. Koma ndalama zonsezo zimapindula kapena kulowa m'madzi potengera mmene ife timamwera mankhwalawo kunyumba. Zimene ndinene pano ndi zomwe ana athuwa akakumane nazo m'chaka choyamba, kaya ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Malawi College of Health Sciences kapena kusukulu za CHAM. Komabe si nzeru ya ophunzira okha ayi, pakuti womwetsa mwana mankhwala pakati pa usiku amakhala mayi, bambo kapena agogo.

Mankhwala aliwonse amene timamwa amayenda magawo anayi. Amalowa m'magazi, amafalikira m'thupi, amaphwanyidwa, ndipo pomaliza amatuluka. Tiwatsate gawo ndi gawo.

Mukameza mbulu, umatsikira kummero n'kukafika m'chifu, momwe umasungunuka. Kuchoka apo umalowa m'matumbo aang'ono, amene kwa munthu wamkulu amatalika pafupifupi mamita 6. M'kati mwa matumbowa ndi momwe mankhwala ambiri amadutsira kulowa m'magazi. Zonsezi zimafuna nthawi. N'chifukwa chake Panado amatenga pafupifupi theka la ola kapena kuposerapo kuti mutu uyambe kupepuka. Amene amawonjezera mibulu ina patangopita mphindi 10, ati oyambawo sadagwire, amangodziunjikira mankhwala m'thupi.

Pomwepa ndiyankheko madandaulo amene timawamva kawirikawiri, akuti kuchipatala angondipatsa mapilitsi m'malo mwa jekeseni. Jekeseni kapena diripi ndi njira yachidule yolambalala matumbo. Timaigwiritsa ntchito kwa wodwala amene akusanza kwambiri, wakomoka, kapena amene matenda ake sangadikire, monga mwana wa malungo aakulu amene timam'baya artesunate. Kwa munthu amene akutha kumeza, mbulu umafika m'magazi omwewo ndipo umagwira ntchito yomweyo.

Chakudya nachonso chili ndi mbali yake. Mankhwala a malungo a LA ali ndi mitundu iwiri m'mbulu umodzi, artemether ndi lumefantrine. Wachiwiriyu salowa bwino m'magazi ngati m'mimba mulibe chakudya chamafuta. Motero mukamamwetsa mwana LA, m'patseni phala lothira nsinjiro, mkaka, peyala, kapena muyamwitseni. Pali mankhwala enanso amene amatsekerezana njira m'matumbo. Mwachitsanzo, mibulu yowonjezera magazi imene amayi oyembekezera amalandira imatha kuchepetsa kalowedwe ka dolutegravir, amene ali m'ma ARV omwe ambiri akhala akumwa m'dziko muno kuyambira mu 2019. Namwino akakufotokozerani kamwedwe ka ziwirizi, tsatirani ndendende.

Gawo lachiwiri ndi kufalikira. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana pafupifupi malita 5. Mtima wake, iye ali phee, umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi, ndipo pa mphindi imodziyo umapopa magazi ochuluka ngati onse amene ali m'thupi. Choncho mankhwala akangolowa m'magazi, posachedwa amakhala atafika kumutu ndi kumapazi komwe. Mankhwala sadziwa pamene pakupweteka. Amapita paliponse, ndipo ena amadutsa n'kukafika kwa mwana amene ali m'mimba, kapena kulowa m'mkaka wa m'mawere. Amayi, musachite manyazi kunena kuti muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa, ngakhale amene akukulemberani mankhwala akhale mwana wamng'ono kwa inu.

Kukula kwa thupi ndiko kumatiuza mlingo. Mchere wokwanira mphika waukulu wa ndiwo za pamaliro ungawawitse ndiwo za m'kapoto ka banja. Ndi mmenenso zilili ndi mankhwala, ndipo n'chifukwa chake timayamba takweza mwana pasikelo. Pa LA, mwana wolemera makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa mbulu umodzi nthawi iliyonse. Wa makilogalamu 15 mpaka 24 amamwa iwiri, wa 25 mpaka 34 itatu, ndipo kuyambira 35 kupita m'tsogolo inayi. Kubenthulira mwana mankhwala a bambo ake mongoyerekeza ndi maso n'kuika moyo wake pachiswe.

Nanga akafika, mankhwala amagwira bwanji ntchito? Ophunzira inu mukauzidwa fanizo la kiyi ndi loko. Mankhwala aliwonse ali ndi malo ake amene amakakwanapo, kaya m'thupi mwathu kapena pa kachilombo. Amoxicillin amalepheretsa mabakiteriya kumanga chikungwa chimene chimawateteza, ndipo amaphulika n'kufa. Mavairasi, amene amayambitsa chimfine, alibe chikungwa chotere, kotero amoxicillin alibe powagwira. Kumwa makapisozi chifukwa cha chimfine n'kuthira madzi pamsana pa bakha. Brufen amachepetsa timadzi tina ta m'thupi timene timabweretsa ululu ndi kutupa, koma timadzi tomweto ndi timene timateteza khoma la chifu. Apa mukuona chifukwa chake Brufen amamwedwa mutadya, ndiponso chifukwa chake sayenera munthu wa zilonda za m'mimba. Aspirin naye sitipatsa ana osakwana zaka 16, pakuti angawononge chiwindi ndi ubongo wawo.

Gawo lachitatu limachitikira m'chiwindi. Chiwalo chimenechi chili kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti, ndipo chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Magazi ochokera m'matumbo amayamba adutsa m'chiwindi asanapite kwina, ngati katundu wodzera pachipata. Ntchito yake ndi kusintha mankhwala kuti athe kutuluka m'thupi. Tiyeni titenge Panado, amene dzina lake lenileni ndi paracetamol. Chiwindi chikamamuphwanya, kagawo kochepa kamasanduka poizoni, koma chiwindi chomwecho chimakhala ndi zida zothetsera poizoniyo. Mukamwa wochuluka, zidazo zimatha, ndipo poizoni amayamba kudya chiwindi. Malire a munthu wamkulu wathanzi ndi mibulu 8 ya mamiligalamu 500 pa maola 24, iwiri nthawi imodzi, motalikanitsa maola 4 mpaka 6. Kwa wochepa thupi kapena wokonda kachasu, malirewo ndi otsikirapo. Choopsa n'chakuti munthu amatha kuoneka bwinobwino tsiku loyamba, chikasu m'maso n'kudzabwera patapita masiku awiri kapena atatu. Wina akamwa mibulu yambiri, mwangozi kapena mwadala, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Dziwaninso kuti mankhwala ambiri a chimfine ogula m'sitolo ali kale ndi paracetamol m'kati.

Pali mankhwala ena amene amafulumizitsa chiwindi. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu amene amamwedwa miyezi 6, amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala anzake mwamsanga. Motero mphamvu ya mapilitsi olerera ndi ya kulera kwa pamkono imachepa, ndipo mayi angatenge pakati mosayembekezera. Amene ali pa dolutegravir amawonjezeredwa mlingo pa chifukwa chomwechi. Rifampicin amafiiritsanso mkodzo, koma zimenezo zisakuopseni. Phunziro lake n'lakuti wachipatala ayenera kudziwa chilichonse chimene mukumwa, kuphatikizapo zitsamba za kwa asing'anga, pakuti nazonso zimadutsa m'chiwindi chomwecho. Sitikufunsani kuti tikudzudzuleni.

Gawo lomaliza ndi la impso. Ziwalo ziwirizi zimasefa madzi okwana pafupifupi malita 180 kuchokera m'magazi tsiku lililonse. Ambiri mwa madziwo zimawabwezera m'thupi, ndipo lita imodzi ndi theka yokha ndi imene imatuluka ngati mkodzo, pamodzi ndi zotsalira za mankhwala. Impso zikafooka, monga zimachitikira kwa okalamba, odwala shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, mankhwala amatsalira m'thupi n'kumaunjikana. Agogo athu amene amamwa Brufen tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana ndi maondo, tiwatengere kuchipatala akawaone, pakuti mankhwalawa amatopetsa impso.

Popeza chiwindi ndi impso sizipuma, mankhwala m'thupi ali ngati madzi m'ndowa yobooka. Kuti madzi asatsike kupitirira mzere, muyenera kumathiramo ena pa nthawi yake. Pamene palembedwa kuti katatu pa tsiku, tanthauzo lake ndi maola 8 aliwonse, ndipo kawiri pa tsiku ndi maola 12 aliwonse. LA amamwedwa ka 6 m'masiku atatu. Mukamwa koyamba, mumwenso pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatirawo. Artemether amapha tizilombo tambiri mofulumira koma satha maola ambiri m'thupi. Lumefantrine amakhalitsa masiku angapo akusesa totsalira. Mwana akayamba kusewera tsiku lachiwiri, ndiye kuti woyamba uja wagwira ntchito yake, koma wachiwiri sadamalize. Kusunga mibulu yotsala kuti idzathandize mng'ono wake n'kupalira munda theka.

Zotsatira zake dziko lino lidaziona kale. Akuluakulu muli pano mukukumbukira chloroquine. Kwa zaka zambiri adali mankhwala odalirika a malungo, koma tizilombo tidamuzolowera mpaka adasiya kuchiza ana. Mu 1993 dziko la Malawi lidakhala loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansidar. Nayenso Fansidar adafooka, ndipo mu 2007 tidayamba LA. Zimachitika motere: mankhwala akachepa m'magazi, tizilombo tofooka timafa, koma tolimba timapulumuka n'kuswana, kenako udzudzu umatitengera kwa mnansi. Alexander Fleming, amene adatulukira penicillin mu 1928, adachenjeza kale mu 1945 kuti kumwa mlingo wopelewera kudzaphunzitsa mabakiteriya kupirira. Gwero la artemether ndi chitsamba chimene Tu Youyou wa ku China adachifufuza, ntchito imene adalandira nayo mphotho ya Nobel mu 2015. Lero ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka kale tizilombo ta malungo timene tikuchedwa kufa ndi mankhwala a mtunduwu. LA akafooka kuno, oyamba kuvutika adzakhala ana osakwana zaka 5 a m'midzi yathu ino.

Tsono ndili ndi mapempho. Kwa inu amayi ndi abambo, si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo, choncho yambani mwayezetsa magazi. Musachoke pawindo la mankhwala musadamve dzina la mankhwalawo, kuchuluka kwake, nthawi yake ndi masiku ake. Akulu adati safunsa adadya phula. Mwana akasanza atangomwa kumene, funsani mlangizi wa zaumoyo za kubwereza. Mukaona zidzolo thupi lonse, kutupa milomo kapena kubanika mutamwa mankhwala, siyani ndipo bwerani msanga. Sungani mankhwala pamalo ouma, opanda dzuwa, pomwe ana sangafikire, ndipo muziona tsiku lothera mphamvu.

Kwa inu mafumu ndi a khansala, tithandizeni pa nkhani ya mankhwala ogulitsidwa pamphasa tsiku la msika, atayanikidwa padzuwa pafupi ndi tomato ndi usipa. Lamulo limafuna kuti wogulitsa mankhwala akhale ndi chilolezo cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Ena mwa mankhwala a pamsikawo ndi otha mphamvu, ena ndi achinyengo, ndipo ena ndi omwe adayenera kuperekedwa ulere pachipatala chanu. Nkhaniyi ikhale pamndandanda wa zokambirana m'makomiti a chitukuko cha m'mudzi, monga mmene mumachitira ndi nkhani ya zimbudzi ndi mijigo.

Kwa inu ophunzira, mukaloweza mayina ambiri ovuta. Pa mankhwala aliwonse muzikadzifunsa mafunso anayi: amalowa bwanji, amafika kuti, amaphwanyidwa ndi chiyani, amatulukira kuti? Mukatha kuyankha amenewa, mlingo ndi nthawi mudzazimvetsa popanda kuloweza. Muphunzirenso kuwerengera mlingo mosamala, pakuti kadontho kamodzi kolembedwa pamalo olakwika kamachulukitsa mankhwala a khanda ka 10. Ndipo mukadzabwerera kuno mutavala zoyera, mudzathe kufotokozera agogo anu zonsezi m'Chichewa chomveka, mofatsa, mpaka atakubwezerani mawuwo molondola.

 Amene ali ndi mafunso, ine ndi alangizi a zaumoyo tikhalapo msonkhano ukatha.