Za Bridge, Msuweni wa Sueca Yathu

Mawu amene anakambidwa pa msonkhano wa kalabu ya omvera ku Lichinga

 Mwandipempha kuti ndifotokoze za bridge, masewera a makhadi amene ambiri timangowamvera dzina. Poyamba ndikhazike pansi mitima ya a shehe ndi a katekisiti amene ali muno: sindikunena za njuga ayi. Njuga imadalira mwayi, ndipo mapeto ake munthu amagulitsa njinga. Izi n'za kuwerengera ndi kumvana ndi mnzako, popanda ndalama patebulo.

Sueca ndiye timaidziwa. Ndi masewera a Chipwitikizi, otsala kuno kuchokera masiku amene tauni ino inkatchedwa Vila Cabral. Anthu anayi, awiriawiri, makhadi 40. Ás ali ndi mapontu 11, manilha, uja 7, ali ndi 10, rei 4, valete 3, dama 2. Zonse pamodzi 120, ndipo ofika pa 61 apambana. Trunfo simusankha, imangotuluka pa khadi limene wogawa watembenuza, kaya ikukomereni kaya ikupwetekeni.

Bridge nayonso ndi ya anthu anayi, awiriawiri, koma baralho imakhala yathunthu, makhadi 52, aliyense 13. Malamulo amene akutsatidwa lero anawakonza ndi Harold Vanderbilt wa ku America mu 1925, ali pa ulendo wa pa sitima ya pamadzi. Inu a sueca chenjerani pawiri. Uku 7 ndi kamwana chabe, ndipo dama amadya valete. Komanso sawerenga mapontu a m'kati mwa vaza, amangowerenga kuti mwadya vaza zingati mwa 13.

Tsono nkhani yagona apa. Musanaponye khadi ndi limodzi lomwe, mumayamba mwalonjeza. Apwitikizi amati leilão, ngati malonda okweza mtengo. Vaza 6 zoyamba sazitchula. Ukati "1 ya espadas", ndiye kuti ukulonjeza kuti iwe ndi mnzako mudya vaza 7, espadas ali trunfo. Ukati "4 ya espadas", walonjeza 10. Wotsatira ayenera kukweza, apo ayi angoti "passo". Lonjezo lomaliza ndilo contrato, ndipo mukaperewera ngakhale vaza imodzi, mapontu apita kwa a mbali inayo.

Nanga ulonjeza bwanji makhadi a mnzako usanawaone? Pali kawerengedwe kake. Ás 4, rei 3, dama 2, valete 1. Baralho yonse ndi 40, kutanthauza kuti dzanja wamba lili ndi 10. Ambiri amatsegula pakamwa akakhala ndi 12 kapena 13. Mnzako amayankha akakhala ndi 6 kupita m'mwamba. Kuti mulonjeze vaza 10 pa espadas kapena copas, pamafunika kuti awirinu mukhale ndi 25 kapena 26, komanso trunfo zosachepera 8.

Tiyeni tigwire dzanja limodzi tonse. Muli ndi espadas zisanu: ás, rei, 8, 5, 3. Copas: dama, 7, 2. Ouros: rei ndi 4. Paus: 9, 6, 5. Werengani. 4 ndi 3, kuonjezera 2, kuonjezera 3, zakwana 12. Mukuti "1 ya espadas". Mnzanu akuyankha "2 ya espadas". Mwamva zimene wanena? Akuti, "Achimwene, espadas ndili nazo zitatu kapena kuposa, koma mphamvu zanga n'zochepa, pakati pa 6 ndi 9." Muike 9 yeniyeniyo pa 12 yanu, mwafika 21. Pa 25 simunafike. Yankho lake ndi "passo", basi.

Koma apa ndi pamene mtima umachita phuma. Pa mipikisano, contrato ya 2 ya espadas ikatheka imapatsa 110, pamene ya 4 imapatsa 420 kapena kuposa. Munthu amayang'ana ás ndi rei wake akunyezimira, n'kuiwala tipaus titatu topanda ntchito tija, n'kulumphira pa 4. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. 110 ija yapita, ndipo mwalipiranso a mbali inayo. Choipa kwambiri n'chakuti ulendo wotsatira mnzanu sakukhulupiriraninso. Mukati 1, iye aziganiza kuti mwina mulibe kanthu, ndiye pa tsiku limene muli ndi dzanja lenileni adzakusiyani panjira. Ine ndimaona kuti wamantha pang'ono ndi wabwino kukhala naye kusiyana ndi wokonda kudzitama, ngakhale wamanthayo nayenso amatayitsa: mnzake akasonyeza 13, iye ali ndi 13, kuima pa 2 ndi kutaya chimanga chokhwima kale.

Leilão ikatha, wa kumanzere kwa mwini contrato amaponya khadi loyamba. Kenaka mnzake wa mwini contrato amayala makhadi ake onse poyera n'kukhala chete. Amamutcha morto, wakufa. Musaseke amayi, ena muno zikanawathandiza! Mwini contrato ndiye amasewera manja onse awiri, ndipo wodziwa sathamangira kuponya. Amayamba wawerenga: vaza zotsimikizika ndi zingati, zotayika zili pati, yoperewerayo ichokera kuti.

Pa dzanja lathu lija trunfo muli nazo 8, ndiye kuti kunja kwatsala 5. Pafupifupi kawiri mwa katatu zimagawika 3 kwa wina, 2 kwa wina. N'chifukwa chake kawirikawiri mumayamba mwazikoka, kuti asadzakuduleni rei wanu ndi katrunfo ka 2. Pali kanzeru kenanso kotchedwa passagem. Morto ali ndi ás ndi dama, rei ali kunja. Mumaponya kakhadi kakang'ono kuchokera m'dzanja lanu. Wachiwiri akaponya kakang'ono, inu mumaika dama, ás n'kumusunga. Ngati rei ali kwa wachiwiriyo, dama wadya. Ngati ali kwa womaliza, mwaluza. Ndi theka kwa theka, koma kungogwetsa ás poyamba kumasiya rei ali mfumu.

Za kuwerengazi zimagwiranso pa sueca. Mtundu uliwonse uli ndi makhadi 10 ndi mapontu 30. Amene amatulutsa manilha ás asanagwe wapereka 21 pa vaza imodzi, ndipo n'zimene zimayambitsa mapokoso ambiri patebulo. Amene sadziwa kuti trunfo zatuluka zingati akusewera m'mdima.

Ndinenepo za zizindikiro, paja ena mumakanda mphuno, ena kutsinzina diso. Pa bridge zimenezo ndi mlandu waukulu. Mu 1965 ku Buenos Aires, Angerezi awiri otchuka, Terence Reese ndi Boris Schapiro, anaimbidwa mlandu wouzana ndi zala kuchuluka kwa copas. Bungwe la dziko lonse linawapeza olakwa, koma kafukufuku wa kwawo ku Britain anawamasula. Mu 1975 ku Bermuda, osewera awiri a ku Italy anaonedwa akugundana mapazi kunsi kwa tebulo, mpaka anaikako chotchinga. Lero pa mipikisano ikuluikulu pamakhala chotchinga pakati, mnzako osamuona nkhope. Lamulo lake n'lakuti chilichonse chimene mwagwirizana awirinu chikhale chodziwika, ndipo a mbali inayo ali ndi ufulu wofunsa kuti "2 ya espadas" yanuyo ikutanthauza chiyani.

Loweruka likubwerali tidzayesa manja awiri kapena atatu, makhadi ali poyera. Amene muli ndi baralho kunyumba, funani ma 8, ma 9 ndi ma 10 aja munawachotsa chifukwa cha sueca, ngati ana sanawataye. Mubwere anayianayi, ndipo wina atenge pensulo ndi kope.