Dzenje la Mchenga la Pasukulu: Phunziro la Hugues Fabrice Zango kwa Makhuwira



Pa 5 Ogasiti 2021, tsiku lomwe dziko la Burkina Faso limakumbukira ufulu wake wodzilamulira, mnyamata wina wa dzikolo adalumpha mamita 17.47 pa mpikisano wa Olympics ku Tokyo ndipo adakhala wachitatu. Iyi idali mendulo yoyamba ya Olympics m'mbiri yonse ya dziko lake. Mnyamatayo ndi Hugues Fabrice Zango, ndipo masewera ake ndi olumpha katatu.

Masewerawa sasiyana kwenikweni ndi phada amene ana amasewera pabwalo. Wolumpha amathamanga mtunda wa mamita pafupifupi 40, naponda thabwa. Kulumpha koyamba amatera pa phazi lomwe wanyamukira, kwachiwiri amatera pa phazi linalo, ndipo kwachitatu amagwera m'dzenje la mchenga. Mtunda wonsewo amauyeza kuyambira pathabwa paja. Amene adalumpha patali kuposa aliyense ndi Jonathan Edwards wa ku Britain, yemwe adafika mamita 18.29 ku Gothenburg mu 1995.

Zango adabadwira ku Ouagadougou pa 25 Juni 1993. Luso lake lidaonekera pa mipikisano ya sukulu mu 2011, ali ndi zaka 18, msinkhu umene ena angati wachedwa kale. Sadasiye maphunziro chifukwa cha masewera. Adapita ku France kukaphunzira uinjiniya wa zamagetsi pa yunivesite ya Artois, ndipo kumeneko ankagawa nthawi yake pakati pa mabuku ndi bwalo lophunzirira kulumpha.

Chipambano sichidabwere msanga. Pa Olympics ya ku Rio de Janeiro mu 2016 adalephera kufika mu ndime yomaliza. Pambuyo pake adayamba kuphunzitsidwa ndi Teddy Tamgho wa ku France, katswiri wakale wa masewera omwewa. Mu 2019 adakhala wachitatu pa mpikisano wa dziko lonse ku Doha. Pa 16 Januwale 2021, mumzinda wa Aubière, adalumpha mamita 18.07, mtunda umene padali pasanafike wina aliyense m'bwalo lofoleredwa, ndipo mbiri imene adaiphwanya idali ya mphunzitsi wake yemweyo. Mu 2022 adakhala wachiwiri ku Eugene, ndipo mu 2023 adatenga golide ku Budapest ndi mamita 17.64. Maphunziro nawo adawafikitsa pa digiri ya PhD.

Nkhaniyi ikukhudza Makhuwira chifukwa cha pomwe idayambira: pa mpikisano wa sukulu. Kukadapanda mpikisanowo, luso la Zango likadakwiririka. Kuno kum'mawa kwa Shire ana amphamvu ndi aliwiro alipo, koma mwana sangadziwike kuti ndi wolumpha ngati pasukulu pake palibe polumphira. Anamondwe a Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 adasakaza minda, misewu ndi nyumba m'boma la Chikwawa, ndipo sukulu zina zidasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Pa nthawi yokonzanso zowonongeka, bwalo la masewera limaiwalika msanga, popeza maso a aliyense amakhala pa makalasi ndi mijigo.

Komabe masewerawa safuna chuma chambiri. Pamafunika njira yosalala yothamangira, thabwa, tepi yoyezera ndi dzenje lotambalala pafupifupi mamita atatu lodzaza mchenga wofewa, wopanda miyala. Mchengawo uli m'mitsinje yotsika kumapiri a Thyolo, ndipo makasu ali m'nyumba iliyonse. Pa mipikisano ikuluikulu thabwa limakhala mamita 13 kuchokera padzenje kwa amuna ndi mamita 11 kwa akazi, koma ana asukulu amaliyandikizitsa kuti asatere pouma n'kuvulala.

Motero ntchito ilipo kwa aliyense. Mafumu ateteze malo a mabwalo a sukulu kuti asalimidwe kapena kumangidwapo nyumba. Makomiti a sukulu akumbe maenjewo ndi kumawafukula mvula ikatha. Makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC alembe mabwalo a masewera pa mndandanda wa zosowa zimene amatumiza ku khonsolo, pakuti chimene sichidalembedwe sichilowa m'dongosolo la chitukuko cha boma. Aphunzitsi aziyeza ndi kusunga m'kaundula mtunda umene mwana aliyense walumpha, mtsikana kapena mnyamata, kuti akapita ku mipikisano ya bungwe la masewera a m'sukulu la MASSA akhale ndi umboni. Makolo nawo asaope kuti masewera alanda mwana sukulu, chifukwa Zango adanyamula ziwiri zonsezi mpaka kumapeto.

Kuchokera pa dzenje la pasukulu, njira imadzera ku mipikisano ya zoni, ya boma ndi ya chigawo, mpaka ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, komwe kudachitikira masewera a achinyamata a Region 5 mu Disembala 2022. Gawo loyamba la njirayi lili m'manja mwa anthu a kwa Makhuwira, ndipo lingayambike teremu ino.