CHINGELEZI CHA MASIKU ONSE: ZA "HAVE", "SINCE" NDI "FOR"

Lero tikambirana za mtundu umodzi wa mneni wa Chingelezi umene mumaumva pa wailesi, mumauwerenga m'nyuzipepala, ndipo mudzaufuna tsiku limene mudzalemba kalata yopempha nchito. M'mabuku a galamala dzina lake ndi present perfect. Dzinalo lisakuopseni. Chimene tifuna kuti mugwire ndi ichi: mneni wa Chingelezi amadziwitsa womvera ngati nkhani inatha kale, kapena ngati ikali kukhudza nthawi ino.

Tiyambe ndi chinenero chathu, pakuti nzeru imeneyi tili nayo kale. Munthu akati, "Mvula yagwa," mudziwa kuti pansi pakali ponyowa, ndipo wopita ku msika wa Kapata ayenera kuchenjera ndi matope. Koma akati, "Mvula inagwa mlungu watha," nkhaniyo ndi yakale; mwina fumbi labwerera. Amai akati, "Mwana wagona," tonse timalankhula motsitsa mau. Akati, "Mwana anagona msanga dzulo," akungotiuza mbiri chabe. Chingelezi nacho chimasiyanitsa chomwecho:

It has rained. Mvula yagwa.
It rained last week. Mvula inagwa mlungu watha.

Kapangidwe kake nkosavuta. Mneni wa Chingelezi ali ndi maonekedwe atatu amene muyenera kuloweza pamtima: go, went, gone, eat, ate, eaten, write, wrote, written, sell, sold, sold. Aneni ambiri amangolandira -ed kumapeto, monga walk, walked, walked. Tengani maonekedwe achitatu, ndipo patsogolo pake ikani have. Ngati mukunena za munthu mmodzi wina kapena chinthu chimodzi, ikani has. Chotero timati: I have eaten, we have written, my sister has gone.

Tsopano tcherani khutu, pakuti tafika pamene zinenero ziwirizi zipatukana. Ife timati, "Ndafika 7 koloko," ndipo palibe amatidzudzula. Koma m'Chingelezi, mukangotchula nthawi imene chinthu chinachitikira, ndipo nthawiyo inapita, have amachoka. Simunganene kuti "I have arrived at seven o'clock." Muziti, "I arrived at seven o'clock." Mau onga yesterday, last week, two days ago, kapena chaka chotchulidwa, amafuna maonekedwe achiwiri a mneni. Nchifukwa chake m'phunziro la mbiri yakale timalemba motere:

The Ngoni crossed the Zambezi in 1835.
Zambia became independent in 1964.
The railway from Mchinji to Chipata was opened in 2010.

Zitatu zonsezi zinachitika ndi kutha pa nthawi yodziwika, motero have sakupezekamo.

Tibwere ku mau awiri aang'ono amene amagwetsa ana ambiri, ndi akulu omwe, ndiwo since ndi for. Kawirikawiri mumamva munthu akuti, "I am staying in Kapata since last year." Munthuyo sali wopusa, waganiza m'chinenero chake, m'mene timati, "Ndikukhala ku Kapata kuyambira chaka chatha," kenaka watembenuza liu ndi liu. Koma m'Chingelezi, chinthu chimene chinayamba kale ndipo chikali kuchitika chimafuna have. Chiganizo cholondola ndi ichi: "I have lived in Kapata since last year," kapena, "I have been living in Kapata since last year."

Nanga since ndi for tiziwasiyanitsa bwanji? Ganizirani mbuzi yomangidwa kudambo. Pali chikhomo, ndipo pali chingwe. Since ali ngati chikhomo: aonetsa pamene nthawi inayambira. For ali ngati chingwe: aonetsa utali wa nthawiyo. Musanalembe, dzifunseni funso limodzi. Ngati mau otsatira akuyankha funso lakuti "Kuyambira liti?" lembani since: since Monday, since January, since eight o'clock. Ngati akuyankha funso lakuti "Kwa nthawi yaitali bwanji?" lembani for: for three days, for six months, for two hours. Chotero kunena kuti "since three days" nkulakwa, pakuti masiku atatu ndi chingwe, si chikhomo.

Nazi zitsanzo za m'dziko lathu:

Lusaka has been the capital since 1935.
Zambia has used the kwacha since 1968.
Chipata has been a city since 2017.

Onani kuti zonsezi zikali zoona lero. Likulu linachoka ku Livingstone kupita ku Lusaka mu 1935, ndipo likali komweko. Kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1968, ndipo ndiyo imene mugulira nayo tomato ndi kapenta. Tsopano yerekezani ndi ziganizo izi:

Fort Jameson was the capital of North-Eastern Rhodesia for eleven years.
Dr Kenneth Kaunda was President for twenty-seven years.

Fort Jameson ndilo dzina lakale la Chipata, ndipo tauniyi inali likulu la dera limenelo kuyambira 1900 kufikira 1911. A Kaunda analamulira kuyambira 1964 kufikira 1991. Nkhani ziwirizi zinatha, motero tikuti was, osati has been. Apa muona kuti for amayenda mbali zonse ziwiri. Amene amaulula ngati nkhani inatha kapena ikali kupitirira ndi mneni.

Wina angafunse kuti, "Kodi zimenezi zili ndi kanthu, pokhala womvera amamvabe chimene ndifuna kunena?" Zili ndi kanthu ndithu. Tinene kuti mwapita kuchipatala ndipo mwapeza dokotala wosadziwa chinenero chathu. Mukati, "I coughed for two weeks," iye angamve kuti munatsokomola kale koma tsopano mwachira. Mukati, "I have been coughing for two weeks," adziwa kuti chifuwacho chikalipo. Pajatu chifuwa chosatha milungu iwiri chimafunika kupimidwa, kuopa kuti chingakhale TB.

Chimodzimodzi m'kalata yopempha nchito. Wolemba kuti, "I worked as a clerk for three years," akuuza olemba anthu nchito kuti ukalaliki anausiya. Wolemba kuti, "I have worked as a clerk for three years," kawirikawiri amamveka kuti akali pa nchitopo, ndipo adzafunsidwa tsiku limene angamasuke. Liu limodzi lokha lasintha mbiri ya munthu.

Palinso mau awiri ofanana amene tanthauzo lao lili kutali. "My uncle has gone to Lusaka" ndiye kuti amalume apita ndipo sanabwere. Mlendo wowafuna abwerere. "My uncle has been to Lusaka" ndiye kuti anafikako ndipo anabwerako; mwina ali m'nyumba momwemo. Mwana wotumidwa kukayankha pakhomo asasokoneze ziwirizi.

Tinenepo pang'ono za kusiyana kwa kulankhula ndi kulemba. Polankhula, eni chinenero amafupikitsa mau. I have amamveka I've, have not amamveka haven't, ndipo she has amamveka she's. Chenjerani ndi she's, pakuti nthawi zina amaimira she is. Liu lotsatira ndilo lidzakuuzani. "She's a nurse" ndi she is a nurse. "She's written a letter" ndi she has written a letter. Kufupikitsa kotere nkwabwino pocheza ndi polembera mnzanu. Koma m'chimangirizo cha m'kalasi, m'kalata ya kuofesi ndi m'mayeso, lembani mau onse athunthu.

Mukamamvera nkhani za Chingelezi pa wailesi, onani mmene wowerenga amasinthira mneni. Amayamba ndi chiganizo chonga "A new bridge has been opened," chifukwa nkhaniyo ndi yatsopano ndipo sanatchule tsiku. Akayamba kufotokoza tsatanetsatane amati, "It was opened yesterday." Lamulo lake ndi lomwe lija: tsiku likatchulidwa, have amachoka. Mudzamvanso anthu a ku America akuti, "Did you eat yet?" pamene a ku Britain amati, "Have you eaten yet?" Onsewo akulankhula chinenero chao, koma mabuku a m'sukulu zathu amatsata kwambiri kalankhulidwe ka ku Britain, ndipo nkwanzeru kuti inu muzolowere komweko.

Kwa inu aphunzitsi, pempho lathu ndi lakuti musayambe ndi malamulo. Yambani ndi zooneka ndi maso. Uzani mwana mmodzi atseke chitseko, ndipo chitsekocho chikali chotseka funsani kalasi kuti, "What has he done?" Ayankhe kuti, "He has shut the door." M'mawa mwake funsani kuti, "What did he do yesterday?" Ayankhe kuti, "He shut the door." Jambulani mzere pa bolodi, kumapeto kwake mulembe now, ndipo ana aziika okha chizindikiro pamene chinthu chinayambira. Mwana akati, "I am here since morning," musamuseke kapena kumukalipira. Muuzeni ayambe wanena m'chinenero chake, aone pamene zinenero ziwirizi zasiyana, kenaka abwereze cholondola. Mphindi zisanu tsiku lililonse ziposa ola lathunthu kamodzi pa mwezi.

Tsopano ana, tengani mapensulo ndi makope anu. M'ziganizo zitatu zoyamba ikani since kapena for. Ziwiri zomaliza zili ndi cholakwa. Chipezeni ndi kuchikonza.

1. My mother has sold tomatoes at Kapata Market ........ January.
2. We have waited for the bus ........ two hours.
3. It has not rained ........ Sunday.
4. I have seen the Nc'wala ceremony last year.
5. My brother is ill since Friday.

Mukatha, onetsani aphunzitsi anu. Kenaka aliyense alembe ziganizo ziwiri za iye mwini: chimodzi chonena chaka chimene anayamba sukulu, china chonena utali wa nthawi imene wakhala pa sukulupo. Mukalemba ziwirizo bwino, phunziro la lero mwalimva. Tsalani bwino aphunzitsi, tsalani bwino ana, mpaka tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.